Mbande za mu labotale zingasiyane bwanji ndi make pamene DNA ndi imodzi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi ena a zaulimi ku Thyolo. Akuti matenda a chisaka atasakaza nthochi m'dera lawo, alimi anabzala mbande zochulukitsidwa mu labotale, zija amati za tissue culture. Iwo anauza ana a Fomu 3 kuti mbande zotere zimafanana ndendende ndi make, chifukwa DNA yake ndi imodzi. Mwana wina anatsutsa: m'munda mwa bambo ake muli nthochi zingapo zopinimbira, pamene zinzake zakula bwino. Ndiye aphunzitsiwo akufunsa kuti, "Kodi ndinawanamiza anawa?"

Simunawanamize, aphunzitsi. Kungoti DNA payokha sinena zonse. Selo la muzu ndi selo la tsamba zili ndi majini (malangizo olembedwa mu DNA) ofanana, komabe tsamba ndi lobiriwira, muzu ayi. Chosiyana ndi chakuti m'selo lililonse majini ena ndi otsegula, ena ndi otseka. Mbewu ikachulukitsidwa, malo otsegula ndi otsekawo nawonso ayenera kukoperedwa bwino, ndipo pamenepa ndi pomwe zinthu zimaphonyeka nthawi zina.

DNA ya m'selo limodzi la chimanga mutaitambasula ingatalike pafupifupi mita imodzi ndi theka. Kuti ikwane m'kachipinda kosaoneka ndi maso, imakulungidwa ngati ulusi pa mabobini a telala. Mabobiniwo ndi mapuloteni otchedwa histone, amakhala 8 pamodzi, ndipo pa gulu lililonse pamazungulira zilembo za DNA (A, C, G ndi T) pafupifupi 147. DNA yokulungidwa chonchi ndiyo chromatin. Pamene yakulungidwa mothina, maenzaimu owerenga jini safikapo, jiniyo imangokhala chete. Pamene yamasuka, jini imawerengedwa.

Selo limadziwa pothina ndi pomasula chifukwa cha zizindikiro. Zina zimamatidwa pa ma histone, zina pa DNA penipeni. Chodziwika kwambiri ndi methyl, kanthu kakang'ono ka carbon mmodzi ndi hydrogen atatu, kamene kamamatidwa pa chilembo C. Chilembocho sichisintha, chimakhalabe C, koma methyl akachulukana kumayambiriro kwa jini, kawirikawiri jiniyo imatsekeka. Nyama zimaika methyl makamaka pamene C watsatana ndi G. Zomera zimaika pamenepo ndi pamalo ena amitundu iwiri, ndipo uliwonse uli ndi oyang'anira ake: maenzaimu otchedwa MET1, CMT3 ndi DRM2 amaika, ROS1 ndi DEMETER amachotsa. Selo likagawanika, MET1 amayang'ana chingwe chakale cha DNA n'kukopera zizindikirozo pa chatsopano. N'chifukwa chake mphukira imakhala ngati make.

Nanga zomera zimavutikiranji ndi maloko ochuluka chonchi? Yankho linayambira m'chimanga. M'zaka za m'ma 1940, Barbara McClintock, akugwira ntchito ku Cold Spring Harbor ku America, anaonetsetsa njere za chimanga zamawangamawanga n'kupeza kuti pali tizidutswa ta DNA timene timadumpha kuchoka pamalo ena kupita pena. Tikagwera pakati pa jini ya mtundu wa njere, mtundu umazimirira. Tikachokapo, umabwerera m'madontho. Anthu anachedwa kumvetsa, mphoto ya Nobel anailandira mu 1983. Mu 2009 asayansi atawerenga DNA yonse ya chimanga, anapeza kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse ndi tizidutswa totere. Ntchito yaikulu ya methyl ndi kutigoneka tulo kuti tisasokoneze majini.

Nkhani imene ndikufuna muwafotokozere ana anu ndi ya ku Malaysia, chifukwa ikufanana kwambiri ndi funso lawo. Kumeneko amalima oil palm, mtundu wa kanjedza umene ku Karonga amayengera mafuta a mawese. Makampani anasankha mitengo yobereka kwambiri n'kuyamba kuichulukitsa mu labotale. M'zaka za m'ma 1980 mitengo ina itakula inabereka zipatso zachilendo: mbali zachimuna za duwa zinasanduka ngati zachikazi n'kukuta chipatsocho, zipatso zambiri n'kumayoyoka zisanakhwime, mafuta osapezeka. Choipa kwambiri n'chakuti mbande inkaoneka yabwinobwino. Mlimi ankadziwa patatha zaka zingapo, atawononga kale malo, feteleza ndi thukuta.

Anthu anafufuza kwa zaka pafupifupi 30 osapeza jini yowonongeka. Mu 2015 gulu la Malaysian Palm Oil Board, mothandizana ndi Robert Martienssen wa ku Cold Spring Harbor konkuja, linapeza chifukwa. M'kati mwa jini imene imaumba mbali za duwa muli kachidutswa kodumpha kakalekale, anakatcha Karma. M'mitengo yabwino Karma ndi wokutidwa ndi methyl, ndipo selo likamawerenga jiniyo limamulumpha. M'mitengo yolakwika methyl anasosoka nthawi ya mu labotale, selo limawerenga n'kukathera mwa Karma, uthenga umatuluka wodukiza, duwa n'kupotoka. Zilembo za jiniyo zinali bwinobwino. Phindu lake n'lakuti tsopano akhoza kuyeza katsamba ka mbande isanapite kumunda. Kwa ine uwu ndiye ulimi wa sayansi woyenera kuulipirira: kudziwa msanga, mlimi asanalowe m'ngongole.

Labotale imasokoneza zizindikirozi chifukwa imakakamiza maselo kugawanika mofulumira m'mankhwala okulitsa, ndipo ena amayenera kuiwala kuti anali chiyani kuti apange mbewu yonse. Mu nthochi, makamaka za mtundu wa Cavendish monga Williams, mbande zopatuka zimadziwika ndithu, ndipo zambiri mwa izo zimakhala zazifupi. Zina n'chifukwa cha methyl, zina n'chifukwa DNA yeniyeniyo yasintha. Mbande zikadulidwa n'kuchulukitsidwanso kambirimbiri kuchokera ku chitsa chimodzi, zopatukazo zimachuluka. Ndiye ma labotale osamala amaika malire, n'kukatenganso mphukira yatsopano kumunda.

Si zizindikiro zonse zimene zimakhalitsa. Kabichi sachita maluwa kwathu kuno kawirikawiri chifukwa amafuna kuzizira kwa masabata ambiri. Caroline Dean wa ku John Innes Centre ku Norwich anafufuza zimenezi pa kachomera kotchedwa Arabidopsis, kachibale ka kabichi: jini ya FLC imaletsa maluwa, kuzizira kumaitseka pang'onopang'ono ndi zizindikiro za pa histone, koma mu njere zatsopano loko uja amachotsedwa, mbewu iliyonse n'kudikira chisanu chake. Choncho mukamva wogulitsa akunena kuti mbewu yake "imakumbukira chilala" chimene makolo ake anakumana nacho, muzifunsa umboni. Zizindikiro zambiri zobwera ndi nyengo zimafufutika m'mbadwo wotsatira.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mwana uja angapite kwawo n'kukanena kuti mbande za mu labotale n'zoipa. Zopatuka zimakhala zochepa, ndipo mbande yopanda kachilombo ndi yamtengo wapatali kumene chisaka chinadutsa. Komanso nthochi yopinimbira ikhoza kukhala kuti yagwidwa chisaka m'munda momwemo, poti nsabwe za nthochi zimanyamula kachilomboka kuchokera ku zitsa zakale. Pitani ndi anawo mukaone. Masamba akakhala opyapyala, oimirira, othithikana pamwamba, okhala ndi timizere tobiriwira kwambiri todukaduka pamsana pa tsamba, chimenecho ndi chisaka: bambo a mwanayo azule chitsa chonse ndipo adziwitse alangizi. Ikakhala yaifupi koma masamba ake athanzi, mwina ndi yopatuka chabe. Aisiye ibereke ngati akufuna, koma asatengepo mphukira zobzala, chifukwa nazonso zidzatengera kufupikako.