Dwindle, deplete ndi anzake: pomwe olankhula Chitchaina amapunthwa

Mwafunsa momwe mungaphunzitsire ophunzira anu olankhula Chitchaina mawu a Chingerezi onena za madzi, nsomba kapena mafuta akamachepa. Aphunzitsi, yambani ndi dwindle ndi deplete, pakuti ambiri amagwa pamenepa.

Dwindle ndi kuchepa pang'onopang'ono, chinthucho chikuchepa chokha: "Fish stocks are dwindling." Kunena kuti "Farmers dwindle the water" n'kulakwitsa. Deplete amafuna wochepetsa ndi chochepetsedwa: "Overfishing depleted the stocks." Gwero la vutoli ndi mawu a Chimandarini (Chitchaina cholankhulidwa ndi ambiri) akuti jiǎnshǎo, omwe amatanthauza kuchepa komanso kuchepetsa, ndiye wophunzira amayesa kuti dwindle nayenso amayenda njira zonse ziwiri. Lembani ziganizo ziwiri za nsombazi pa bolodi moyandikana, muwafunse kuti wachepetsa nsombazo ndani. Akapanda kumupeza, ndiye dwindle.

Lack ndi msampha wina. Amakonda kulemba "We lack of water" posakaniza mneni ndi dzina. Zolondola ndi "We lack water" kapena "a lack of water". Ine ndingawaletse kaye mneniyo mpaka dzinalo litakhazikika.

Zikatheratu, n'kuti "We ran out of diesel" kapena "The diesel ran out", osati "was run out". Chitsime chikauma, iwo amati kūjié, pa Chingerezi n'kuti dry up.

Musaiwale less ndi fewer. Kwa iwo shǎo amakwanira zonse, koma Chingerezi chimati less water, fewer trees.