Kodi chigumu chili ndi mwini wake?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti analemba pa Facebook kaphikidwe ka chigumu komwe anaphunzira kwa agogo awo, n'kuikapo chithunzi chojambula okha. Pasanathe masiku atatu anazipeza pa tsamba lina la anthu ambiri: mawu omwewo, chithunzi chomwecho, dzina lawo lokha ndiye mulibe. Atadandaula, mwini tsambalo anangoti chigumu ndi cha aliyense. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi andibera, kapena ndikungodziwawitsa mtima?"

Achemwali, akuberani ndithu. Koma chomwe abacho si chigumu ayi.

Pa chigumupo mnzanuyo sananame. Mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri, soda, kamchere, makala pansi ndi pamwamba pa chivundikiro: izi palibe angati n'zake. Agogo anu nawo anaonera kwa wina. Ngakhale chimanga chomwe timachiyesa chathu chenichenicho kwawo ndi ku Mexico, ndipo chinafika ku Africa kuno pa zombo za Apwitikizi. Chinangwa cha kondowole wa ku Nkhata Bay, mtedza womwe timatendera nawo mkhwani, zonsezi n'zochokera ku South America. Pomwe bungwe la UNESCO linkalemba nsima m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu m'chaka cha 2017, linailemba ngati mwambo wa Amalawi, osati wa banja lakutilakuti. N'chifukwa chake ine ndimangoseka anthu akamakangana pa intaneti kuti chigumu "chenicheni" sathiramo mazira kapena mkaka. Chenicheni cha mudzi uti? Kwathu shuga ankalowamo pokhapokha malume akabwera kuchokera ku tauni.

Koma taonani zomwe munalemba. Munanena kuti nthochi zikhale zoti khungu lada, zija ana amazikana. Munanena makapu angati a ufa, mutayesa kangapo konse, chifukwa agogo ankangotapa ndi dzanja ndipo kapu sankaidziwa. Munafotokozanso kuti ankabaya kamtengo pakati kuti aone ngati chapsa, uku akukuthamangitsani kuti musayandikire moto. Ufa womwe munaononga poyesa, makala omwe munagula, chithunzi chomwe munadikira nacho dzuwa la kum'mawa, ndiye thukuta lanu limenelo. Malamulo oteteza zaluso, kuphatikizapo lathu la 2016, amayenda momwemo: sateteza njira yophikira, koma amateteza mawu omwe munthu walemba ndi chithunzi chomwe wajambula.

Zoterezi zinachitikapo ku Britain m'chaka cha 2021. Kampani ya Bloomsbury inachotsa pamsika buku la zophika lotchedwa Makan, la Elizabeth Haigh, Sharon Wee atadandaula kuti munali zotengedwa m'buku lake la 2012 lonena za zakudya za amayi ake ku Singapore. Chomwe chinakwiyitsa anthu kwambiri sichinali mndandanda wa zothira mumphika. Zinali nkhani zokumbukira za kukhitchini kwa amayi ake, zomwe zinapezeka zikufanana ndi za m'buku linalo. Chimodzimodzi inuyo: wina akuyenda ndi agogo anu ngati ake.

Nanenso ndisadziyeretse. Nditangoyamba kulemba, ndinaika kaphikidwe ka futali komwe anandisonyeza mayi wina woyandikana nafe nyumba, osawatchula n'komwe. Anthu anandiyamikira, ine n'kumangoti zikomo, zikomo. Tsiku lina mayiwo anandiuza akuseka kuti mwana wawo wawaonetsa "futali wanu uja" pa foni. Sanakalipe. Manyazi ake ndinakwera nawo minibasi mpaka kuntchito. Kuyambira pamenepo ndimalemba kuti izi ndinaphunzira kwa uje, ine ndangochepetsa madzi. Mzere umodzi wokha, ndipo palibe owerenga anandithawa chifukwa cha mzerewo.

Tsono chitani izi. Jambulani tsamba lawolo ndi lanu pa foni, madeti akuoneka bwino. Alembereni kumbali kaye, mwaulemu, kuti aike dzina lanu pamwamba kapena achotse. Za chigumu musakangane nawo, mudzaluza. Nenani za mawu anu ndi chithunzi chanu basi. Akakana, Facebook ili ndi fomu yodandaulira zinthu zokopedwa popanda chilolezo, ndipo chithunzi ndi chomwe sichivuta kutsimikiza chifukwa choyambirira chili m'foni mwanu. Zithunzi zam'tsogolo muzilembapo dzina lanu pakatikati, pafupi ndi mbale, osati m'mphepete momwe amangodulapo.

Ndipo mukamakonzanso zomwe munalembazo, onjezanimo mudzi wa agogowo, ndi mfunda wawo ngati angalole. Mwandiuza kuti akadali moyo, ndiye mukapita kumudzi mukawafunse kuti iwowo anaphunzira kwa ndani.