Malo aulere a ku Graham County: kodi anthu a ku Nicodemus analephera?

Ndalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akugwira ntchito ya unamwino kumadzulo kwa chigawo cha Kansas, ku America. Akuti tsiku lina akudutsa pa msewu waukulu wa nambala 24 anaona chikwangwani cha kamudzi kotchedwa Nicodemus, ndipo mnzawo wa kuntchito anawauza kuti anakhazikitsa mudziwo ndi anthu akuda omasulidwa ku ukapolo, amene anapatsidwa minda ulere. Funso lawo ndi ili: "Ngati boma linkagawa malo ulere, bwanji lero pali zii? Ndinangoona matchalitchi, holo yamiyala ndi nyumba zowerengeka. Kodi anthu aja analephera?"

Achemwali, zikomo pofunsa. Ine ndikuti sanalephere. Tauni yawo inafota ndithu, koma chimene chinaifotetsa si ulesi kapena kusadziwa ulimi. Ndiloleni ndiyambire pa mawu akuti "ulere" aja, chifukwa ambiri amapusitsikira pamenepo.

Pa 20 Meyi 1862, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili mkati, Pulezidenti Abraham Lincoln anasainira lamulo lotchedwa Homestead Act. Lamuloli linati munthu wa zaka 21 kapena mutu wa banja, mwamuna kapena mkazi, atha kutenga maekala 160, omwe ndi mahekitala pafupifupi 65. Ndalama zolipira ku ofesi zonse pamodzi zinali madola 18 basi. Koma chikalata cha umwini sichinkabwera tsiku lomwelo. Unkayenera kumangapo nyumba, kulimapo, kukhalapo zaka zisanu, kenako kubwera ndi mboni ziwiri zokuikira umboni kuti unakhalapodi. Boma silinkapereka ng'ombe, pulawo, mbewu, chitsime kapena chakudya chodikirira kholola loyamba. M'dziko lonselo, oposa theka la anthu amene analembetsa malo motere sanafike polandira chikalata chija, azungu ndi akuda omwe.

Komanso tisabise: malowo anali ndi eni ake. Zigwa za kumadzulo kwa Kansas zinali kosaka nyama kwa Acheyenne, Aarapaho ndi Apawnee, mitundu ya anthu amene azungu anawapeza m'dzikolo. Asilikali anawathamangitsa, mapangano onga a ku Medicine Lodge a 1867 anawakankhira kumwera, ndipo alenje ofuna zikopa anapulula njati mamiliyoni m'zaka zoyambirira za m'ma 1870. Pamene boma linkati "malo opanda anthu", linali litawachotsa kale anthuwo. Nkhani ya Nicodemus ndimaikonda kwambiri, koma mbali imeneyi sindiilumpha.

Graham County, kumene kuli Nicodemus, ndi limodzi mwa maboma 105 a Kansas, lotalika makilomita 48 mbali iliyonse, ndipo mtsinje wa South Fork Solomon umadutsa pakati pake. Mu Epulo 1877 amuna angapo anapanga kampani yokhazikitsa tauni ya Nicodemus m'mbali mwa mtsinjewu. Mmodzi anali mzungu wochita malonda a malo, W. R. Hill, yemwe anayambitsanso tauni ya Hill City. Enawo anali akuda, ndipo pakati pawo panali abusa W. H. Smith, amene anali wapampando, ndi Simon P. Roundtree, mlembi. Anakalengeza m'matchalitchi a anthu akuda ku Kentucky. Kapepala kena kamene kanafalitsidwa ku Lexington, mzinda wa ku Kentucky, kanati aliyense wofuna kupita ku Kansas pa 5 Seputembala 1877 atha kutero ndi madola asanu.

Chinawasamutsa n'chiyani? Ukapolo unali utatha mu 1865, koma minda inatsala m'manja mwa eni akapolo aja. Munthu womasulidwa ankalima munda wa bwana, n'kumakongola chakudya ndi zipangizo kwa bwana yemweyo, ndipo pokolola ngongole inkadya gawo lake lonse. Amene munaonapo moyo wa matenanti a fodya m'maesiteti a kwathu mwamva kale zimene ndikunena. Mu 1877 momwemo boma la America linasiya kuteteza anthu akuda m'zigawo za kumwera, ndipo chiwawa ndi kulandidwa voti zinkakulirakulira. Kwa munthu wotere, maekala 160 olembedwa m'dzina lake chinali chinthu choyenera kusiyira manda a makolo.

Gulu lalikulu loyamba, anthu pafupifupi 300 ochokera cha ku Lexington, linafika mu Seputembala 1877. Lina linachokera ku Georgetown, ku Kentucky komweko, m'chilimwe cha kumeneko cha 1878 chisanafike. Sitima inkawatsitsa pa Ellis, ndipo makilomita oposa 50 otsalawo ena ankayenda pangolo, ena wapansi. Mayi Willianna Hickman, mkazi wa abusa Daniel Hickman, anadzasimba atakalamba mmene anafikira. Anali akudwala. Amuna anayamba kufuula kuti Nicodemus uyo, iwo n'kudzuka kuyang'ana uku ndi uku osaona nyumba ndi imodzi yomwe. Amuna awo anawalozera utsi umene unkatuluka m'nthaka. Mayiwo anayamba kulira. Anthu ochokera ku Kentucky, dziko la mitengo ndi msipu wobiriwira, anapeza anzawo akukhala m'maenje, ndipo mabanja angapo anatembenuka pomwepo kubwerera kum'mawa.

Maenje amenewa ndiwo mtima wa nkhani ya atsamunda oyamba m'zigwa zija, choncho tiyeni tilowemo. Kunalibe mitengo, kupatula yochepa ya m'mbali mwa mtsinje, ndipo matabwa ogula anali a anthu andalama. Munthu ankasankha chitunda kapena gombe la khwawa, n'kukumba chipinda chimodzi cholowa mkati, mamita anayi kapena asanu mbali iliyonse. Kumaso ankatseka ndi zidina zodula panthaka, dothi ndi udzu wake womwe. Udzu wa m'zigwazo uli ndi mizu yolukana zolimba, moti ukadula chidina chotalika ngati mkono umachinyamula osaphwanyika. Ankazisanja udzu utayang'ana pansi. Padenga ankagoneka mtanda umodzi, timitengo ta msondodzi, udzu, kenako dothi. Mkatimo munkafunda nthawi yachisanu n'kumazizira nthawi yotentha, ndipo moto wolusa wa m'tchire unkangodutsa pamwamba. Koma dothi linkayoyokera m'mbale, utitiri unali wosatha, njoka zinkalowa, ndipo mvula ikagwa kunja tsiku limodzi m'nyumba munkadontha masiku awiri. Amayi ena ankakhoma nsalu kudenga kuti dothi lisagwere ana pogona. M'nyumba zotere ndi mmene munabadwira mwana woyamba wa mudziwo, Henry Williams, chakumapeto kwa 1877, ndipo sukulu yoyamba anaiphunzitsira m'dzenje lotere mayi Jenny Fletcher.

Nkhuni nazo kunalibe. Ankasonkhera moto ndowe zouma za njati ndi ng'ombe, mapesi a mpendadzuwa wam'tchire, ndi udzu wopota. Madzi ankatunga kumtsinje mpaka atakumba zitsime, ndipo amene malo awo anali kumtunda ankayenda nawo mtunda wautali.

Vuto lalikulu linali nthawi imene anafikira. Seputembala kumeneko ndi nthawi yokolola chimanga, osati yochidzala, ndipo kutsogolo kwake kuli chisanu cha chipale chofewa ndi mphepo yosatchingidwa ndi phiri kapena mtengo. Ndalama zawo zinali zitathera pa ulendo. Anapulumuka ndi thandizo la zakudya ndi zovala lochokera m'matauni a kum'mawa kwa Kansas, ndi ganyu amene amuna ankakagwira kunjanji ndi m'minda ya kutali, komanso ndi kutola mafupa a njati omwe anali mbwee m'tchire n'kukagulitsa kusiteshoni pa madola ochepa pa tani, kuti akapangire feteleza. Zidzukulu za kumeneko zimasimbanso kuti Aosage ena, mtundu winanso wa eni dzikolo, pochokera kosaka anawagawira nyama m'chisanu choyambacho. Anthu olandidwa dziko kudyetsa anthu omasulidwa ku ukapolo: mbali imeneyi imandikhudza nthawi zonse ndikaikumbukira.

Ndiye kunabwera kuswa mphanje. Mizu yomwe ija inkathandiza pomanga inali mdani polima. Kuti uitembenuze pankafunika pulawo yachitsulo ndi ng'ombe zapagoli kapena akavalo amphamvu, ndipo anthu a ku Nicodemus anafika ndi ziweto zowerengeka chabe. Ambiri anayamba ndi fosholo ndi khasu. Ena ankatema nthaka ndi nkhwangwa, kuponya chimanga m'mng'alumo, n'kupondapo. Ena anamanga pagoli ng'ombe yamkaka. Munthu wa maekala 160 ankatha chaka atalima maekala ochepa okha. Mvula ya kumeneko ndi pafupifupi mamilimita 550 pachaka, ndiponso yosadalirika. Otsatsa malo a nthawi imeneyo ankauza anthu kuti mvula imatsata pulawo, kuti ukalima kwambiri nayo imachuluka. Linali bodza, ndipo zilala za kumapeto kwa m'ma 1880 ndi m'ma 1890 zinalitsutsa. Onjezanipo ng'ombe za oweta akuluakulu zimene zinkaponda mbewu m'minda yopanda mpanda.

Tsopano taonani zimene anachita ndi chiyambi chotere. Mu 1879 anakhazikitsa dera la sukulu loyamba m'boma lonse la Graham. Bomalo litakhazikitsidwa mwalamulo mu 1880, lili ndi anthu oposa 4,000, mlembi wake anali munthu wakuda wa ku Nicodemus, Edward P. McCabe. Mu 1882 McCabe yemweyo anasankhidwa kukhala woyang'anira mabuku a chuma wa Kansas yense, ndipo anasankhidwanso mu 1884. Anthu anatuluka m'maenje, kulowa m'nyumba za zidina, kenako za miyala ya laimu ya komweko, imene imadulika mosavuta ikangofukulidwa n'kudzalimba ikakhalitsa panja. Z. T. Fletcher, mwamuna wa mphunzitsi uja, anali woyang'anira positi ofesi ndipo anamanga hotela ya St. Francis mu 1881. Pofika 1887 tauniyo inali ndi banki, masitolo angapo, mahotela, matchalitchi, gulu la oyimba malipenga, timu ya baseball, ndi manyuzipepala awiri, Western Cyclone ndi Nicodemus Enterprise. Amalonda ake anali akuda ndi azungu. Zonsezi zaka khumi zokha kuchokera pa utsi wotuluka m'nthaka uja. Mawu oti kulephera sakukwanapo apa.

Chinapha tauniyo ndi njanji. M'zigwa zija tirigu wako anali wopanda phindu ngati sitima ili kutali, chifukwa kumunyamula pangolo kunkadya mtengo wake wonse. Anthu a ku Nicodemus ankadziwa zimenezi bwino lomwe. Mu 1887 anavomereza kudzisenzetsa ngongole ya madola 16,000 kuti akope kampani ya njanji ya Missouri Pacific, koma njanji yake inathera ku Stockton. Mu 1888 Union Pacific inayala njanji yake kutsidya kwa mtsinje, makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku Nicodemus, ndipo pamenepo panamera tauni yatsopano ya Bogue. Amalonda anasamukira kumeneko, ena anasamutsa ndi nyumba zomwe. Anthu amakanganabe ngati linali tsankho kapena kuwerengera phindu chabe. Ine ndimaona kuti tauni ya anthu akuda inalibe wowalankhulira m'zipinda zimene zinthu zotere zinkagamulidwa. Komanso n'zoona kuti matauni ambiri a azungu anafa imfa yomweyo. Millbrook, limene linali likulu loyamba la Graham County, linasakazidwa ndi kamvulumvulu mu 1887, likulu n'kusamukira ku Hill City mu 1888, ndipo lero kulibe tauni pamenepo.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, achemwali: masitolo anachoka, koma alimi anatsala. Mabanja ambiri anali atakwanitsa zaka zisanu zija n'kulandira zikalata, ndipo ana a anthu amene ankagulitsidwa pamsika anasiyira ana awo minda yolembedwa m'dzina la banja. Chimenecho ndicho anadzera. Kuchepa kwa anthu kumene mukuona lero kunadza pang'onopang'ono, ndi chilala ndi mphepo za fumbi za m'ma 1930, ndi ngongole, ndi mathirakitala amene anachititsa kuti banja limodzi lizilima malo omwe kale ankadyetsa mabanja khumi. Zinagwera boma lonselo, osati akuda okha. Kalembera wa 2020 anapeza anthu 2,415 mu Graham County yense, ochepa kuposa a mu 1880, ndipo pa Nicodemus penipeni anapeza 14.

Holo yamiyala imene munaiona inamangidwa mu 1939, pansi pa ntchito za boma zopatsa anthu ganyu m'zaka za umphawi zija. Pamodzi ndi tchalitchi cha African Methodist Episcopal, tchalitchi chakale cha First Baptist, hotela ya a Fletcher ndi sukulu ya mu 1918, ndi nyumba zisanu zimene zinachititsa kuti mu Novembala 1996 malowa aikidwe m'manja mwa National Park Service, bungwe la boma losamalira malo otetezedwa, monga malo a mbiri ya dziko. Nicodemus ndi tauni yokhayo yotsala kumadzulo kwa mtsinje wa Mississippi mwa matauni amene anthu akuda anakhazikitsa m'zaka zotsatira nkhondo ija.

Mukafuna kubwererako, pemphani tchuthi kumapeto kwa Julayi. Loweruka ndi Lamlungu lomaliza la mweziwo kumakhala chikondwerero cha ufulu chimene chinayamba mu 1878, ndipo zidzukulu zimabwera mazanamazana kuchokera ku Denver, Kansas City, California ndi kwina. Pamakhala perete, mapemphero, nyama yowotcha ndi kuyendera manda. Mukakhale pansi ndi agogo amodzi, muwafunse kuti munda wa makolo awo unali mbali iti ya mtsinje, ndiponso ngati banja likadali nawo.