Kwa achemwali amene mwafunsa za abale anu ali ku Zambezia

Achemwali, funso lanu ndaliona mochedwa, ndemanga zachuluka kale, komabe ndiloleni ndiikepo mawu anga. Mwati achimwene anu ndi alamu anu anatumidwa ndi mpingo kukatumikira ku Mozambique, mkati mwa Zambezia. Thandizo la pamwezi likumafika mochedwa, mwezi wina osafika n'komwe, mwana wawo wamng'ono malungo sakumupatsa mpata, ndipo alamu anu akumalira pafoni kuti akufuna kubwerera kuno ku Mulanje. Mutakauza akuluakulu, iwo anangoti auzeni akhulupirire Mulungu. Ndiye mukufunsa ngati kulirako kukusonyeza kuti chikhulupiriro chawachepera, komanso choti muwauze akaimbanso.

Ine ndi abambo akunyumba tinatumikirako mbali yomweyo, kupitirira Milange njira yolowera ku Mocuba, tisanabwerere kwathu kuno ku Thyolo. Yankho langa ndi lakuti ayi, alamu anu sanataye chikhulupiriro. Atopa, ali ndi mantha chifukwa cha mwana, ndipo alibe mnzawo wocheza naye. Amene mwalemba pamwambapo kuti walira mvula walira matope, pepani bambo, mwambiwo ndi woona koma mayi amene wagoneka mwana wotentha thupi pamiyendo sauzidwa zimenezo.

Anthufe tikamva za umishonale timaganiza za zinthu zikuluzikulu, kuponyedwa m'ndende, kuthamangitsidwa m'mudzi, kapena nkhondo ngati ya ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, imene inayamba mu 2017. Zimenezo zilipo, koma ambiri chimene chimawafooketsa ndi tinthu ta tsiku ndi tsiku. Sopo watha. Tayala la njinga laphulika ndipo mpingo umene ukukudikira uli kutsidya kwa mitsinje iwiri. Foni ilibe moto, kotchajitsa n'kutali. Mwalalikira miyezi yambiri, Lamulungu n'kubwera anthu owerengeka, enanso abwera chifukwa amva kuti mwina mugawa zovala.

Pa zonsezi mayi ndi amene amasenza zolemera. Abambo amadzuka n'kupalasa njinga, amakumana ndi anthu, akalalikira amawomberedwa m'manja. Mayi amatsala pakhomo. Ine ndine Mlomwe, agogo athu anachokera komweko, ndiye ndinkaganiza kuti ndikupita kwa abale. Koma Chilomwe cha ambirife kuno chinathera pa moni. Kufupi ndi malire Chichewa chimakuyendetsa bwinobwino, ukalowa mkati chimayamba kukuthera. Ndinkafika pachitsime ndi ndowa yanga, amayi n'kundipatsa moni mwaulemu, kenako n'kupitiriza nkhani zawo. Wina akanena chinachake onse n'kuphulika kuseka, ine n'kumangomwetulira, osadziwa ngati akuseka mwamuna wa wina kapena akuseka mmene ndamangira duku. Kuchipatala ndi kumaofesi n'Chipwitikizi chokhachokha. Mayi wamkulu, woti kuno ndinkatsogolera amayi a mvano, ndinkachita kuloza ndi chala pogula mchere. Alamu anu akamalira, mwina n'zimenezi zikuwaliza, ngakhale akukamba za ndalama.

Tsono za Baibulo, poti akuluakuluwo ndi kumene atsamira. Tsegulani 2 Akorinto 1:8. Paulo mwini wake akuuza mpingo poyera kuti ku Asiya anapsinjika koposa mphamvu yake, mpaka anataya chiyembekezo choti akhala ndi moyo. Sanabise poopa kuti anthu amuona ngati wofooka. Pa mutu 11 akuwerengera njala, ludzu, kusowa tulo, kuzizidwa ndi kusowa chovala. Pa 2 Timoteo 4 ali m'ndende, akupempha Timoteo kuti amutengere chofunda chimene anasiya ku Trowa, ndipo afulumire nyengo yozizira isanafike. Pomwepo akunenanso kuti Trofimo anamusiya ku Mileto akudwala. Munthu amene anapempherera odwala ambiri n'kuchira anasiya mnzake wa paulendo akudwala, ndipo sakumunena kuti analibe chikhulupiriro.

Vesi ija timaikonda kuilemba kumbuyo kwa minibasi, yakuti ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvuyo, ili pa Afilipi 4:13. Ambiri timalekera pomwepo. Pitirizani vesi yotsatira. Paulo akuuza Afilipi kuti anachita bwino kumuthandiza m'chisautso chake, ndipo akukumbukira kuti ali ku Tesalonika anamutumizira zosowa zake kangapo. Kalata imeneyo, pa zina, inalembedwa pothokoza mpingo umene unatumiza thandizo. Mkulu wampingo amene akuti akhulupirire Mulungu sakunama, koma wangonena theka. Theka linalo likuloza iye mwini ndi thumba la mpingo.

Sindikufuna kuwaweruza mopitirira akuluakuluwo, chifukwa mipingo yathu kuno ndikuidziwa. Opereka ambiri ndi othyola tiyi, ogulitsa nthochi ndi nanazi pamsewu, ndi alimi a minda ya dzanja limodzi. Mvula ikatha masamba a tiyi amachepa, aganyu amaimitsidwa, mbale ya chopereka imapepuka. Januwale ndi Febuluwale nayenso njala. Namondwe wa Freddy atabwera mu Marichi 2023 anagunda mbali zonse ziwiri, ku Quelimane ndi kuno, ndipo mipingo yambiri ya ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo inali kuika maliro ndi kusunga anthu ake omwe m'matchalitchi ndi m'masukulu. Kenako mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Ndalama imene komiti inagwirizana zaka zapitazo, ikakasinthidwa pa malire a Muloza kukhala mametikali, ndalama za ku Mozambique, imafika itafota kwambiri, koma m'buku la msungichuma imaonekabe ngati yomweyo. Mwina palibe amene anawakhazika pansi n'kuwawerengetsera. Inu mukhoza kutero, mwaulemu, mutatenga mkulu mmodzi amene amamva. Funsani achimwene anu mtengo wa ufa, sopo ndi ulendo wa kuchipatala kumeneko, mulembe papepala, mukaonetse.

Nanga kudalira Mulungu kumaoneka bwanji munthu uli pakati pa zoterezi? Mmene ndinakuonera ine, kumabwera kokwanira tsiku limodzi basi. Ana a Israele m'chipululu mana ankatola a tsiku limenelo, wosunga a mawa ankapeza mphutsi. Pemphero limene Ambuye anatiphunzitsa nalonso limapempha chakudya chalero. Tili kumeneko sindinkatha kukhulupirira za chaka chonse, mtima sunkafika. Ndinkadzuka, kusesa, kupemphera kuti Ambuye tsiku ili lokha mundidutsitse, ndipo likatha ndinkagona. Masiku ena pemphero silinkatuluka, ndinkangoyimba nyimbo ya m'buku ndikutsuka mbale, misozi ikutsika.

Yankho silinkabwera mmene ndinkalifunira. Ine ndinkayang'ana foni, kudikira uthenga wa ndalama kuchokera kumudzi. Nthawi ina ufa utatheratu, m'mawa ndinamva odi kuseri kwa nyumba. Anali agogo ena oyandikana nafe, amene sankabwera n'komwe kutchalitchi kwathu, atasenza lichero la makaka ndi kambale ka nandolo pamwamba. Anaika pansi, nalankhula mawu ambiri amene ndinangotolapo awiri, akuloza kukhitchini kwanga. Ndinazindikira pambuyo pake kuti anaona kuti dzulo lake utsi sunafuke. Anakhala pamphasa n'kundionetsa kusinja makakawo, akundiseka mmene ndinkagwirira munsi. Eliya anadyetsedwa ndi mbalame kumtsinje wa Keriti, mtsinjewo n'kuphwa, Mulungu n'kumutumiza kwa mayi wamasiye wa ku Zarefati, mlendo wosaukitsitsa amene anatsala ndi ufa wodzaza dzanja. Mmishonale amavutika kulandira kwa anthu amene amati wabwera kudzawathandiza. Koma agogo amenewo ndi amene anayamba kundiphunzitsa Chilomwe chenicheni, ndipo pachitsime paja ndinayamba kuseka nawo limodzi. Auzeni alamu anu asatseke chitseko chifukwa cha manyazi. Apemphe moto kwa oyandikana nawo ngakhale machesi ali nawo.

Za mwana ndilankhula mosapsatira. Malungo sadikira kuti komiti ikumane. Mwana akatentha thupi ayezedwe tsiku lomwelo, ndipo akapatsidwa mankhwala aja kuno timati LA, kumeneko amakonda kunena kuti Coartem, amalize masiku onse atatu ngakhale aoneke kuti wachira. Azigona m'neti usiku uliwonse, ngakhale kutenthe bwanji. Mwana wodwaladwala malungo magazi amamuchepera, ndiye akamuonenso zimenezo. Akayamba kukomoka, kusanza chilichonse kapena kukana kuyamwa, asagone naye pakhomo. Ngati chipatala chabwino chili patali, alamu anu abwere naye kuno, achire bwinobwino, iwonso apume. Amishoni amene anabwera kwathu kuno ankapemphera, koma anamanganso zipatala. Malamulo inayamba mu 1902 ndipo lero timaidziwa ndi chipatala chake, chimodzimodzi Mulanje Mission. Amene angakuuzeni kuti kuthamangira kuchipatala n'kukayikira Mulungu, musamumvere, ngakhale atavala kolala.

China chimene anthu amachinyalanyaza ndi mapepala. Afunseni ngati mapasipoti ali bwino komanso ngati ali ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo, chija amati DIRE. Masiku akapitirira chindapusa amawerengera tsiku lililonse, ndipo munthu wopanda mapepala amakhala ndi mantha ngakhale opita kuchipatala cha boma. Imeneyi ndi ntchito ya mpingo umene unawatuma. Ifunseni poyera.

Achimwene anu nawonso aganize za ntchito ya manja. Paulo ku Korinto ankasoka mahema pamodzi ndi Akwila ndi Priskila. Kumeneko malo olima amapezeka mosavuta kuposa kuno kumene tiyi anatipanikiza, ndipo mfumu ikakukhulupirira imakubwereka. Ife munda wa chimanga ndi nandolo ndi umene unatichotsa pa moyo woyang'ana foni. Anthu anayambanso kutimvera bwino ataona abusa ali ndi matuza m'manja ngati iwo.

Mwafunsanso m'ndemanga ina ngati kubwerera kungakhale kuthawa maitanidwe. Apa pamafunika kusamala, chifukwa si ine kapena inu amene tingawasankhire. Amalawi akhala akupita kunja ndi uthenga kuyambira kale, ndipo nkhani zawo sizifanana. Lewis Mataka Bandawe, Mlomwe wophunzira ku mishoni ya Blantyre, anapita ku Mihecani ku Mozambique mu 1913, anakhalako zaka zoposa khumi, anagwira ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, kenako anabwerera n'kudzatumikira kuno. Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican, anapita ku Msoro ku Zambia ndipo anamwalirira komweko mu 1913. Onsewa timawalemekeza. M'Baibulo muli Epafrodito, pa Afilipi 2, amene mpingo unamutuma kwa Paulo, anadwala pafupi kufa, anayamba kupukwa kwawo, ndipo Paulo anamubweza ndi kalata yoti amulandire ndi chimwemwe ndi ulemu. Yohane Marko anabwerera panjira, Paulo anakwiya mpaka kusiyana ndi Barnaba, koma kumapeto Paulo yemweyo analemba kuti mubwere naye Marko, ndi wothandiza pa utumiki.

Chimene ndingachenjeze n'chakuti asagamule usiku umene mwana watentha thupi, komanso achimwene anu asagamule okha. Ndaonapo abambo akuumirira pa ntchito ya Mulungu mkazi akufota pakhomo, osamufunsa n'komwe, akuti ine ndinaitanidwa. Mkaziyo naye ndi nkhosa, ndipo ndi yoyamba kuisamala. Abwere kaye onse, mwana achire, adye nsima ya kwawo, akhale pansi ndi abusa okhwima maganizo, makamaka amene anakhalapo kunja. Ambiri amene amati sindibwererakonso, akapuma mwezi amayamba okha kufunsa za anthu amene anawasiya. Enanso amaona kuti nyengo yawo yatha, ndipo amenewo tiwalandire osawanong'oneza kuseri.

Akaimbanso alamu anu, musafulumire kuwapatsa vesi, mavesi akuwadziwa kuposa inu ndi ine. Afunseni kuti lero mwadya chiyani, mwana wagona bwanji, kuli amayi amene mumacheza nawo. Alekeni alire mpaka amalize. Kenako auzeni nkhani za kumudzi, ngakhale zachabechabe, kuti uje wakwatiwa, mbuzi ya amalume yaswa awiri, mlatho uja aukonza. Simungadziwe mmene tinkhani totere timatsitsimutsira munthu ali kwa eni. Pomaliza pempherani nawo pafoni pomwepo, mwachidule, mukutchula dzina la mwana. Ikani tsiku lodziwika pa sabata loti muziwaimbira inuyo, asamakhale iwo othera mayunitsi.

Ndipo poti m'gulu muno tilimo ambiri amene talemba kuti tikuwapempherera, achemwali tipatseni njira. Pezani munthu wodalirika amene amadutsa pa Muloza kawirikawiri, amalonda alipo ambiri. Sopo, mchere, usipa, neti yatsopano, zovala za mwana ndi kalata yolemba pamanja zimakwana m'katoni imodzi. Ine ndiikamo nandolo ndi chitenje cha alamu anu, mundilembere kumbali tigwirizane kokakumana, kaya pa Luchenza kaya pa Chitakale.