Alamu, musatsitse kaye giyabokosi

Alamu, uthenga wanu ndaumva. Mwati Hilux munaikamo injini ya V8 ya Lexus ija, 1UZ, ndi giyabokosi ya A340E yoyendera kabokosi kogula padera (kakompyuta kolamula magiya), ndiye ikunyamuka molemera ngati yasenza simenti, magiyanso sakusintha. Chonde musalole munthu atsitse giyabokosi pakadali pano. Kawirikawiri zimenezi ndi za magetsi.

Mu A340E muli ma solenoid (mavalavu a oyilo oyendera magetsi) awiri osinthira magiya, S1 ndi S2. Pa giya 1 imayaka S1 yokha, pa 2 onse awiri, pa 3 S2 yokha, pa 4 onse amazima. Ndiye kabokosiko kakangosowa moto, onse amazima, galimoto nkumanyamukira mu giya 4. Kulemera mukukumvako ndi kumeneko. Musaiyendetse choncho mtunda wautali, chifukwa torque converter, imene imalumikiza injini ndi giyabokosi, imatenthetsa oyilo kwambiri.

Yambani ndi izi. Zulani pulagi ya ma solenoid, muyende pang'ono pamsewu wopanda anthu mukusintha ndi dzanja. Pa L ipereke giya 1, pa 2 ipereke giya 3, pa D giya 4. Ikatero, mkati mulibe vuto, mubwerere ku mawaya. Ikakana, apo ndiye tikambirane zotsegula.

Kenako multimeter, choyezera magetsi. Onani fyuzi, onani ngati 12V ikufika pa kabokosi mukatembenuza kiyi, ndiye earth. Earth-yo imangidwe pa injini, pa chitsulo chopalidwa bwino, osati pa bodi yopentedwa. Solenoid iliyonse, kuyeza kuchokera pa pini yake kupita pa thupi la giyabokosi, iwerenge ma ohm 11 mpaka 15. Ikapanda kuwerenga kanthu, waya waduka kapena solenoid yapsa. Ikayandikira ziro pali shoti, ndipo shotiyo imawotcha kabokosi. Mukagula kena musanaikonze, kapsanso.

Moto ukabwerera, lumikizani laputopu ku kabokosi, wina ayendetse inu mukuyang'ana zinthu ziwiri, sipidi ndi TPS (sensa yoonetsa mmene mwapondera moto). Sipidi ikamawerenga ziro galimoto ikuyenda, kabokosi kamayesa mwaima, nkukusiyani mu giya 1 injini ikulira. Ikamadumphadumpha, magiya amangokwera nkutsika okha. Apo fufuzani waya wa sensa ya sipidi: ukhale wa shield (wokutidwa ndi ukonde wachitsulo), usayendere limodzi ndi mawaya a koilo ndi mapulagi, shield-yo ipite pa earth mbali imodzi yokha. TPS iyambire cha m'ma 0.5V, ikwere mosalala mpaka cha m'ma 4V mukaponda moto wonse. Ngati munagawana waya wake ndi ECU, kompyuta ya injini, earth yawo ikhale imodzi, apo ayi kabokosi kaziwerenga zabodza. Mwasintha matayala kapena difu? Manambala ake alowenso mu pulogalamu ya kabokosi.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri, alamu, ndi kebulo yochokera pa throttle (polowera mpweya mu injini) kupita ku giyabokosi, ngati yanuyo ndi ya mtundu umenewo. Anthu amaitcha kickdown nkumaisiya ili lende posintha injini, ati kompyuta ichita zonse. Ayi ndithu. Kebuloyo ndi imene imakweza mphamvu ya oyilo yofinyira makilatchi mukaponda moto. Ikakhala yokhwefuka, V8 imakoka makilatchi asanagwire bwino, amatsetsereka nkupsa, ndipo kabokosi sikangawapulumutse. Pondani moto mpaka pansi injini itazima, kachitsulo kali pa kebulo kakhale pakati pa 0 ndi 1 mm kuchokera pa labala lake.

Oyilo muyeze atatentha, injini ikulira, giya pa P, pamalo osapendekeka. Akhale ofiira. Akada nkumanunkha kupserera, mundiuze msanga galimoto isanachoke pakhomo. Munditumizirenso chithunzi cha pulagiyo, dzina la kabokosi, ndi ma ohm amene mupeze.