Kodi thandizo lakunja latha? Yankho kwa namwino wina

Mayi wina amene ndi namwino anandilembera imelo kufunsa ngati kutsekedwa kwa USAID, bungwe la boma la America lopereka thandizo, mu 2025 kukutanthauza kuti thandizo lakunja latha, komanso kumene ndalama zachitukuko zizichokera tsopano.

Mayi, thandizolo silinathe, koma lachepa ndipo cholinga chake chasintha. Dziko la Britain, limene kwa zaka zingapo linkasunga lonjezo la maiko olemera lopereka 0.7 peresenti ya chuma chimene amapeza pachaka, linatsitsa gawolo kufika pa 0.5 mu 2021, ndipo mu 2025 linalengeza kuti pofika 2027 lidzakhala pa 0.3 kuti ndalamazo zipite ku chitetezo.

Maganizo atsopanowa anamveka kale pamsonkhano wa maiko wokambirana za ndalama zachitukuko ku Addis Ababa mu 2015, chaka chimene maiko anagwirizana zolinga 17 za chitukuko chokhazikika. Kumeneko anatsindika kuti chitukuko chizidalira kwambiri misonkho ya m'dziko ndi mpamba wa amalonda, ndipo thandizo lizithandiza kukopa amalondawo. Nkhawa yanga yagona pamenepa. Kampani ingathe kumanga malo opangira magetsi a dzuwa ngati a ku Salima, chifukwa magetsi amagulitsidwa ndipo ndalama zimabwerera, koma palibe wamalonda amene angalipirire ma ARV a mayi wakumudzi kapena maneti oteteza ana ku udzudzu, zinthu zimene kuno zimagulidwa makamaka ndi ndalama za Global Fund, thumba la maiko lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo. Ntchito yanu, mayi, ili m'gulu la zinthu zimene sizibweza phindu la ndalama, choncho ndi imene ingayambe kuvutika.

Ife Amalawi tinalawako kale zimenezi, ndipo mlandu wake unali wathu. Nkhani ya Cashgate itaululika mu 2013, opereka thandizo anaimitsa ndalama zothandizira bajeti, pa nthawi imene pafupifupi 40 peresenti ya bajetiyo inkachokera kunja. Boma linatembenukira ku ngongole za m'mabanki am'dziko muno, ndipo lero chiwongola dzanja cha ngongolezo chikudya ndalama zimene zikanagula mankhwala.

Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa analonjeza kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, koma dziko lathu zaka zambiri silifikapo. Aphungu akamadzakambirana bajeti ikubwerayi, inu ndi anamwino anzanu mudzawafunse kuti gawo la zaumoyo lafika pati, ndiponso kuti mankhwala amene boma likugula lokha ndi angati.