Room correction ikuthandizani, koma yambani ndi masipika

Achimwene, mwafunsa za room correction, kukonza mawu a masipika ndi kompyuta kuti agwirizane ndi chipinda. Eya, ikuthandizani pa besi yomwe mukuti ikungolindima mchipindamo, koma musayambire pamenepo ayi. Sunthani kaye masipika achoke pakona, mpando wanunso usagunde khoma lakumbuyo, kenako muyeze.

Ine ndimayezera maiki ya UMIK-1 ndi pulogalamu yaulere yoyezera mawu ya REW, ndipo chomwe ndaona nchakuti pamene besi yachuluka makina a room correction amaidula bwinobwino, koma pamene yasoweratu chifukwa mafunde a mawu akuphana okhaokha musalimbane napo, mukakweza pamenepo mungotopetsa ampu ndi masipika besiyo osabwera. Ulendo woyamba ndinalola pulogalamu ya room correction ya Dirac Live ikonze zonse mpaka mawu apamwamba, nyimbo zinauma sindinazikonde olo pang'ono, pano ndimaiuza ithere cha pa 300 Hz basi, ndiye kuti mawu apansi okha, kumtundako ndimasiya momwe masipika alili. Poyeza mchipinda mukhale zii, maiki ikhale pomwe pamakhala makutu anu, muyezenso malo angapo ozungulira mpandowo.

Mukaomba m'manja mawu nkumabwererabe kwa nthawi yaitali, zimenezo sizitha ndi kompyuta, itanani katswiri wa acoustics (kamvekedwe ka mawu mchipinda) aone makomawo. Ndipo ampu ikayamba kutentha modabwitsa kapena sipika kumveka ngati yang'ambika, zimitsani mupite nazo kwa wokonza.